Mchere M'maiwe a Bilali

Fungo linamulandira Sajeni Emmie Matewere asanatsike n'komwe pa njinga yamoto. Linali fungo la nsomba zoolera padzuwa la Okutobala, lija limakakamira m'zovala mpaka kukagona nawe. Iye sanatseke mphuno. Pa zaka zimene wagwira ntchito kupolisi ya Ulongwe ananunkhizapo zoposa zimenezo, ndipo penapake m'njiramo mphuno yake inaleka kudandaula, mtima nawo n'kutsatira.

Maiwe anali atatu, ondondozana m'mphepete mwa dambo kumunsi kwa mudzi wina wa kwa Kalembo. Awiri akumtunda anali mbuu ndi mimba za makumba oyandama. Lachitatu, limene limamwa madzi a kamtsinje, linali phee, lobiriwira ngati palibe chachitika.

Woganiziridwa kuti wapha nsombazo anali kale m'chitokosi. Anali Lukiya, mkazi wa malemu Bilali, bambo amene anakumba maiwewa ndi khasu lake gulu la alimi a nsomba lisanabadwe. Dzulo lake anthu anamukoka m'nyumba, kumuthyola dzanja ndi kuyatsa khitchini yake. Apolisi akanachedwa, bwenzi lero kuli maliro. Tsopano mudzi unkafuna chimodzi mwa ziwiri: akagwire ukaidi, kapena abwerere kwawo ku nyanja ya Chiuta, asadzapondenso kuno.

Pa mlambala wa dziwe loyamba panaima a Elliam Namaona, wapampando wa gululo, atavala jekete ngakhale kunkatentha choncho.

"Mwafika bwino, bwana. Umboni sitinaukhudze, ndinauza mamembala onse kuti aliyense manja kumbuyo," anatero akuloza nthambi zamasamba otuwa zimene zinkayandama m'mbali mwa madzi. "Katupe ameneyo. Mwana aliyense amadziwa kuti katupe ndi wophera nsomba."

"Munamuona akuponya?"

"Ndinamuona ataima pomwe mwaimapo, Lachiwiri, kusanache bwino. Atandiona anadzifunditsa mpango n'kuthawa. Wosalakwa amathawa, bwana?"

"Aphere chiyani nsomba za mwamuna wake?"

A Elliam anapukusa mutu mwachisoni. "Komiti inagamula kuti amene sakubwera ku ntchito, gawo lake lichepe. Lamulo ndi lamulo. Basi, chinamuwawa. Pulojekiti yonse yathera pamenepa."

Emmie anatsikira kumadzi. Anavuula nthambi imodzi n'kuigoneka pa udzu. Kenako ananjuta. Pamene madzi anaphwera panali kamzere koyera, kouma, kozungulira dziwe lonse ngati mkanda. Anakanda ndi chikhadabo n'kuika pa lilime.

"Bwana! Ndi poizoni ameneyo!"

Unali mchere. Anapita ku dziwe lachiwiri, nakonso mchere. Ku lachitatu kunali matope okhaokha.

Akubwerera, madzi a dziwe loyamba anagwedezeka pakati pa mitembo ya makumba. Mutu wakuda wandevu unatuluka, kumeza mpweya, n'kumiranso. Kenako wina. Emmie anaima nthawi yaitali akuyang'ana.

"A Elliam," anatero, "milamba yanuyi ili ndi mankhwala anji oti katupe aziilambalala?"

* * *

Khomo loyandikana ndi la Lukiya linali la a Dalesi, mayi wogulitsa zitumbuwa. Anawapeza akusesa phulusa limene mphepo inauluzira pakhonde pawo kuchokera ku khitchini yopsa ija.

"Khalani pa mpasapo, achemwali, mpando anabwereka a kwaya sanabweze. Iii, ine musandifunse zambiri, mutu wanga sukugwira. Anthu amene ndimapemphera nawo, ena ndinawaphikira phala ali makanda, dzulo anasanduka afisi. Ine ndinangoima apa ndi chipande m'manja. Osakuwa, osathamanga. Kungoima."

"Lukiya mumamudziwa bwino?"

"Kumudziwa? Ine Mkatolika, iye Msilamu, koma nkhuku zathu zimagona khola limodzi. Chimwalirireni a Bilali, madzi ndimamutungira ndine, nkhuni ndine, kuchigayo ndine. Pajatu ali pa eda."

"Ndiye kuti satuluka?"

"Eya, mwambo wawo. Mwamuna akamwalira, mkazi amabindikira miyezi inayi ndi kamchira, osayenda, osaonana ndi amuna achilendo. Ukauswa, akuchimuna amati sunamulire mwana wawo. Ndiye alamu ake aja ndi ouma mtima, amangodikira pothera."

"Chiyambireni sanatulukepo?"

Tsache linaima. A Dalesi anayang'ana nkhuku, anayang'ana kumwamba.

"Ine usiku ndimagona, achemwali. Kungoti madeya amene ndimamubweretsera kuchigayo amatha msanga. Nkhuku zisanu sizingadye choncho. Ine ndiye sindifunsa."

Emmie anasiya pomwepo. "Sabata yathayi munamvako chachilendo kudamboko?"

"Chachilendo? Injini ya a Elliam ija basi. Inalira kuyambira Lamulungu masana mpaka Lachiwiri, du-du-du, mpaka mutu. Amati akuthirira tomato. Ine n'kumati, tomato wa a Elliam ali kutsidya kwa msewu, nanga phokoso likuchokera bwanji ku chitsime cha mchere?"

"Chitsime cha mchere?"

"Simukuchidziwa? Chili kuseri kwa migwalangwa uko. Anakumba kale, madzi ake ngakhale mbuzi imalavula. Sopo sachita thovu. A Bilali ali moyo ankati, maiwe aphwe aphwe, koma madzi a chitsime chimenecho asadzalowemo. Anakangana nawo a Elliam chaka chatha pa nkhani yomweyo." A Dalesi anayambanso kusesa pamalo posesa kale. "Mukakamuona mumuuze kuti nkhuku zake ndazitsegulira."

* * *

Thandizo Kaliati, mlangizi wa za nsomba wa ku Liwonde, anafika dzuwa lili paliwombo, atavala magambutsi ndi chipewa chachikulu. Anali mtsikana wa m'tauni wolankhula mothamanga. Anaviika kachipangizo kake m'dziwe loyamba n'kuimba mluzu.

"Asisi, awa si madzi a dziwe, ndi msuzi. Mwezi watha ndinayeza pano, munalibe mchere ngakhale pang'ono."

"Thumba la mchere lingachite zimenezi?"

"Thumba? Mpaka ngolo zingapo. Amenewa alowa ndi madzi."

Anatola kumba limodzi, kulitembenuza. Maso ake anali otuwa, khungu losupuka m'mbali. Analing'amba ndi kampeni n'kumuonetsa Emmie chiwindi chotumbuluka.

"Mwaona? Izi zadwala. Katupe sapereka zilonda, ndipo sasankha. Amapha tsiku limodzi, makumba, milamba, ndi ana a achule omwe. Izi zafa pang'onopang'ono, komanso mtundu umodzi wokha. Dzina la kachirombo sindingalumbire mpaka zitapita ku labu, koma kalipo kamene kamagwira makumba n'kusiya milamba."

"Ndiye wapha ndi mchere kapena kachirombo?"

"Onse awiri, wina watsegula chitseko, wina walowa. Kachiromboko katha kukhala m'nsomba osaidwalitsa, chifukwa thupi lili ndi chitetezo chake. Mchere wochepa, woyeza bwino, ifenso timaugwiritsa ntchito posambitsa nsomba. Koma nsomba yokulira m'madzi opanda mchere, kukutentha chonchi, madzi ataphwa, ndiye muithire mchere wambiri mwadzidzidzi, mphamvu zake zonse zimathera kulimbana ndi madziwo. Chitetezo chimagwa. Zili ngati munthu wogona ndi njala amene wanyowa ndi mvula, chimfine chimene mnzake angangoyetsemula nacho, iye chimamugoneka."

"Nanga lachitatulo?"

"Mbewu yake ndi imodzimodzi, ndinathira nawo ndine. Ngati kachirombo kalimo, kali chigonere. Mungouza anthu asalowetsemo ukonde kapena ndowa yochokera ku maiwe awa." Anapukuta kampeni pa udzu. "Koma asisi, amene mwamutsekera uja ali ndi injini yopopera madzi?"

Emmie anayang'ana nthambi ya katupe ija, imene tsopano inali itafota padzuwa. Anaitola n'kuimangirira kumbuyo kwa njinga.

* * *

Lukiya anali atakhala pansi m'kachipinda kofunsira mafunso, dzanja lili m'chikhakha, mpango utaphimba nkhope mpaka m'maso. Mpando anaukana. Phala limene anamupatsa m'mawa linali litagwira khungu pamwamba.

"Amayi, ndine Emmie. Muno mulibe mwamuna, mutha kumasuka."

Mpango sunasunthe.

"A Elliam akuti anakuonani ku dziwe Lachiwiri."

"Lembani zimene anenazo."

"Ndi zoona?"

"Lembani, mama. Ine ndatopa."

Mawu ake analibe mkwiyo, analibe mantha. Emmie anawazindikira mawu otero. Ndi omwe iye mwini ankayankhira anthu akamufunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji. Anakhala naye pansi, msana kukhoma, ndipo kwa kanthawi onse awiri ankangomvera wailesi ya ku kauntala ikulengeza za maliro.

Kenako anatulutsa nthambi ija n'kuiika pakati pawo.

"Akuti munaphera ichi."

Lukiya anaiyang'ana. Anatambasula dzanja labwinolo, kuigwira, kuitembenuza, kupsinya tsamba limodzi ndi zala. Kwa nthawi yoyamba mpango unatsika pang'ono.

"Anaipeza chonchi? M'madzi?"

"Chonchi. Zinalipo zambiri."

"Iyayi." Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Sanasinje. Katupe wosasinja angaphe chiyani? Amafunika kumusinja pamwala mpaka atuluke thovu, ndiye umuike m'dengu, uzimuvundula m'madzi. Uyu angakhale m'dziwe mpaka mvula, nsomba zizingobisalamo." Anaibweza pansi. "Kwathu ku Chiuta atate ankamenya mwana akamupeza akusinja zimenezi. Koma kudziwa timadziwa tonse. Woponya uyu sanaphepo nsomba. Ndi wa khasu."

"Amayi, munaona chiyani Lachiwiri?"

Mpango unakweranso.

"Ndikanena chimene ndinaona, ndanena kuti ndinatuluka."

"Ndipo a Elliam akudziwa zimenezo."

"Akudziwa. Tinayang'anana." Anapuma. "Malemu bambo aja ankati akaima pa mlambala n'kuomba m'manja, nsomba zimabwera. Atapita, panalibe woziombera. A gulu amangokhuthula madeya ngati akutaya zinyalala. Ndiye ine ndinkapita kusanache, anthu asanadzuke, kukaomba kawiri katatu. Sindinkalankhula ndi munthu. Tsiku limenelo ndinapeza paipi yabuluu ikulavula madzi, nsomba zili kukamwa pamwamba. Ndinalawa. Ndikutembenuka, iwo ali apo."

"Bwanji simunanene dzulo, akukumenyani?"

"Alamu anga anali pomwepo. Ndikanati ndinaona paipi, akanati unaiona uli kuti, iwe wa pa eda? Kundende ndikatuluka. Koma zoti sindinamulire Bilali, zimenezo sizituluka."

Emmie anaimirira, mawondo akulira. Pepala lake linali loyera, ndipo analipinda lili choncho.

"Zimene mwandiuzazi zatsala muno. Ndikazifuna kwina."

* * *

Sizinavute kuzipeza. Kuchokera pa ngodya ya dziwe lachiwiri, mzere wa udzu wopserera unkalowera ku migwalangwa, wowongoka ngati wojambula ndi chingwe. Apo ndi apo, pamene paipi inkadontha, dothi linali ndi zigamba zoyera. Mzerewo unakathera pa chitsime chakale, pomwe panali madontho a oilo ndi mapazi anayi a injini.

Emmie anawapeza a Elliam kwawo, pansi pa mtengo wa mango. Anthu ataona njinga ya polisi anayamba kusonkhana kumpanda, a Dalesi ali kutsogolo.

"Ndione injini yanu, bambo."

"Injini? Ili m'nyumba, bwana, koma ndi ya tomato."

Anaitulutsa. Paipi yabuluu inali yokulungidwa bwino. Emmie analowetsa chala m'kamwa mwake, chinatuluka choyera. Sanalawe. Anachitambasulira kwa a Elliam.

"Lawani."

"Bwana, ine ndine munthu wamkulu..."

"Tomato wothiriridwa ndi madzi awa akanakhala wobiriwira chonchija? Ndadutsako kutsidya." Analankhula motsitsa, ngati akufunsa mtengo wa chimanga. "Kumunda kwanu kuseriku mwadzala katupe wa manyowa. Ndaona zitsa zisanu zodulidwa kumene, utomoni usanaume. Nthambi zake zili kuti?"

"Katupe aliyense angathe kudula."

"Zoona. Koma mwana wa msodzi wa ku Chiuta akanasinja. Inu munaponya ndi masamba omwe, ngati mukuponyera mbuzi."

Kumpanda kunamveka kung'ung'udza. Mwamuna wina amene dzulo ananyamula muuni anayang'ana pansi.

A Elliam anakhala pa mpando. Anavula jekete, kuipinda, kuiika pa mawondo. Mawu a komiti ndi pulojekiti anali atawathera.

"Madzi amaphwa," anatero. "Tsiku lililonse chikhatho chimodzi. Kamtsinje kamangokwanira dziwe lakumunsi. Ndinati ndikangoonerera, zifa zonse, anthu adzati Bilali atapita Elliam walephera. Iye ankaletsa chitsime chija, koma sananenepo chifukwa chomveka, amangoti nsomba sizifuna. Ndinati ndi zikhulupiriro za kunyanja." Anapukuta nkhope. "Ndimafuna kuzipulumutsa, bwana."

"Zimenezo ndamva. Madzi si mlandu waukulu. Nanga mayi uja?"

A Elliam anasisita jekete ija pa mawondo.

"Zitayamba kufa munafuna munthu woti asenze. Munasankha amene mumadziwa kuti sangatsegule pakamwa."

"Koma kudziweko anabwera!" a Elliam anakweza mawu, akutembenukira kumpanda. "Mumufunse! Wa pa eda amayenda m'mamawa?"

Mlamu wake wa Lukiya, wamtali wa kofia yoyera, anasendera kutsogolo. Emmie anamuona. Anatulutsa unyolo m'thumba mosafulumira.

"Munthu amene wanama za injini, wanama za tomato, wanama za katupe, lero tikhulupirire maso ake a m'bandakucha?" anatero. "Ine m'buku langa mulibe zimenezo."

"Ine ndimagona khomo loyandikana ndi lake," a Dalesi anaponyamo. "Madzi ndimatunga ndine. Akanatuluka ndikanadziwa."

Wa kofia anayang'ana a Dalesi, anayang'ana paipi yabuluu, n'kubwerera pamene anaima. Emmie anamanga a Elliam manja kutsogolo, kuti athe kunyamula jekete yawo. Kenako anayang'ana kumpanda.

"Amene munagwira ndodo ndi moto dzulo, mawa m'mawa mubwere nokha. Musandivutitse kukutengani."

Mmodzimmodzi anayamba kuchoka, aliyense njira yake.

* * *

Anamutulutsa Lukiya madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa likadalipo. Emmie anapempha galimoto ya polisi yotseka kumbuyo, kuti amuna a pamsika asamuone, ndipo anakhala naye komweko. Fumbi linkalowa m'ming'alu n'kumatera pa chikhakha choyera chija.

Atayandikira mudzi, fungo lija linawapeza. Lukiya anakweza mutu.

"Zonse?"

"Lakumunsi lilipo. Alangizi akuti likasamalidwa lipulumuka."

"Adya lero?"

"Sindikudziwa, amayi."

Galimoto inaima pakhomo. Pamene panali khitchini panatsala mafuwa atatu ndi mphika wosweka. A Dalesi anali atayala mphasa m'nyumba ndi kuika ndowa ya madzi pakhomo. Lukiya anatsika, anayang'ana phulusalo ngati ndi la munthu wina. Atafika pachitseko anatembenuka.

"Mama, inu mwaphunzira. Usiku umene ndagona kwanu kuja, amuna atandigwira, atandiona nkhope, uwerengedwa? Kapena ndiyambirenso?"

Emmie anayang'ana chikhakha chija.

"Simunatuluke nokha," anatero. "Anachita kukutulutsani."

Lukiya anaganiza pang'ono, anagwedeza mutu, n'kulowa. Chitseko chinatsekeka.

Emmie anauza dalaivala kuti adikire. Anatenga kabeseni ka madeya kamene kanali pakhonde n'kutsikira kudambo yekha. Anadutsa maiwe awiri aja, pomwe Thandizo ndi amayi angapo ankakwirira nsomba m'dzenje, mpaka anafika pa lachitatu. Madzi anali phee. Anaika beseni pansi, anayang'ana uku ndi uku, n'kuomba m'manja kawiri.

Palibe chinabwera. Anaima choncho, manja ali pamodzi. Kenako chitseko chija chinamubwerera m'maganizo, ndi dzanja la m'chikhakha limene silidzaomba mpaka mvula itagwa. Anaombanso, mofatsa, katatu.

Kutali, pafupi ndi bango, madzi anachita kamzere.